Kuyeza Mwala Umene Palibe Anaugwira: Njira Zodziwira Kukula ndi Mtundu wa Miyala Yodutsa Pafupi ndi Dziko Lapansi

Mawu oyamba

Ndili mwana tinkakhala pabwalo madzulo tikatha kudya, ndipo nyenyezi ikathothoka agogo anga aakazi ankanena kuti kwinakwake kwamwalira munthu wamkulu. Nditapita kusukulu ndinaphunzira kuti chothothokacho si nyenyezi ayi, koma kachidutswa ka mwala kamene kamapsa polowa mu mpweya wokuta dziko lathu. Kawirikawiri kamakhala kochepa ngati njere ya mapira. Komabe miyala ina imafika pansi isanapse yonse. Pa 22 Januwale 1981, m'boma la Machinga munagwa mwala wotere wolemera makilogalamu 93.

Mu Febuluwale 2025 kunamveka nkhani ya mwala wina wotchedwa 2024 YR4, umene akatswiri ankati ukhoza kuwomba dziko mu 2032. Mnzanga wina atamva kuti kukula kwake n'kwa pakati pa mamita 40 ndi 90 anaseka nati: "Nanga ameneyo n'kumati wayeza? Ukapita kwa telala n'kukuuza kuti m'chiuno mwako ndi pakati pa 40 ndi 90, ungam'siyire nsalu?" Ndinalibe yankho tsiku limenelo. Chimangirizo chino ndi yankho langa kwa iye. Ndifotokoza miyala imeneyi, chifukwa chake kukula kwake n'kofunika kukudziwa, njira zimene akatswiri amayezera, ndiponso pamene njira iliyonse imaperewera.

Miyala yake ndi iti?

M'Chingerezi mwala wotere amautcha asteroid. M'Chichewa mulibe dzina limodzi lokhazikika, choncho m'nkhani ino ndizingoti miyala yam'mlengalenga. Iyi ndi miyala yotsala pamene dzuwa ndi mapulaneti zinkapangika zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo. Yambiri imazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter, kutali ndi ife. Woyamba kudziwika unali Ceres, umene Giuseppe Piazzi anauona ali ku Palermo pa 1 Januwale 1801.

Koma ilipo ina imene njira zake zimayandikira njira ya dziko lapansi. Mtunda wochokera pano kufika kudzuwa ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Mwala ukamafika kufupi ndi dzuwa pa mtunda wosapitirira 1.3 ya mtunda umenewu, umawerengedwa m'gulu la miyala yodutsa pafupi ndi dziko. Woyamba wa gululi unali Eros, umene Gustav Witt anaupeza ku Berlin mu 1898. Pofika 2022 miyala yodziwika ya gululi inali itapitirira 30,000. Mwa imeneyi, imene imayang'aniridwa kwambiri ndi yokula mamita 140 kapena kuposerapo, imene njira yake imafika pa mtunda wosakwana makilomita 7.5 miliyoni kuchokera pa njira ya dziko.

Chifukwa chiyani kukula n'kofunika?

Mphamvu imene mwala umatulutsa ukawomba imadalira kulemera kwake ndi liwiro lake. Kulemera sikukwera mofanana ndi kukula. Mwala ukakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, kulemera kwake kumawonjezeka kasanu n'katatu. Ndiye kuti mwala wa mamita 90 umalemera kuposa wa mamita 40 nthawi zoposa 11. Apa mnzanga uja anali ndi mfundo.

Mbiri ikutipatsa zitsanzo. Mwala wa 2008 TC3, wa mamita pafupifupi 4, unaphulikira m'mwamba m'chipululu cha Nubia ku Sudan pa 7 Okutobala 2008 ndipo sunavulaze munthu. Ophunzira a pa yunivesite ya Khartoum ndi amene anathandiza kutola zidutswa zake. Wa ku Chelyabinsk m'dziko la Russia, pa 15 Febuluwale 2013, unali wa mamita pafupifupi 20. Unaphulikira m'mwamba nawonso, koma mphepo ya kuphulikako inaswa magalasi a nyumba ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala. Wa ku Tunguska, ku Siberia, pa 30 Juni 1908, unagwetsa mitengo pa malo okula masikweya kilomita pafupifupi 2,000, amene ndi ofanana ndi boma lonse la Blantyre. Akatswiri amati unali wa mamita 50 kapena kuposerapo pang'ono. Choncho kusiyana kwa mamita ochepa chabe ndi kumene kumatiuza ngati anthu angouzidwa kuti atalikire mawindo kapena ngati mzinda wonse uyenera kusamutsidwa.

Njira yoyamba: kuwala

Vuto loyamba ndi lakuti ngakhale mu telesikopu yaikulu, mwala wotere umangooneka ngati kadontho kowala koyenda pakati pa nyenyezi. Mbali zake sizioneka, ndiye palibe poika chingwe choyezera. Chimene chimayezedwa ndi kuchuluka kwa kuwala kwa kadonthoko.

Aliyense amene anayendapo usiku pa msewu wa kumudzi akudziwa vuto la kuwala. Ukaona nyali imodzi patsogolo, sudziwa msanga ngati ndi tochi ya munthu ali pafupi kapena njinga yamoto ili kutali. Uyenera kudziwa kaye mtunda. Akatswiri amajambula mwalawo usiku ungapo, n'kuwerengera njira yake yozungulira dzuwa, ndipo akatero amadziwa mtunda wake. Kenaka amawerengera mmene ukanawalira ukanakhala pa mtunda umodzi wogwirizana, wofanana kwa miyala yonse. Nambala imene imapezeka amailemba ndi chilembo cha H. Nambalayi ikachepa ndiye kuti mwala ndi wowala kwambiri. Miyala iwiri yamtundu umodzi ikasiyana ndi 5 pa nambala ya H, wina ndi wowala nthawi 100 kuposa unzake, ndipo m'mimba mwake ndi mokula nthawi 10.

Komatu mwala sutulutsa kuwala kwakekwake. Umangobweza kwa dzuwa, monga uchitira mwezi. Tiyerekeze kuti usiku wa mwezi mwaika pabwalo mulu wa makala ndi mbale ya ufa woyera. Mukaima patali, kambale ka ufa kangaoneke kowala mofanana ndi mulu waukulu wa makala. Gawo la kuwala limene chinthu chimabweza amalitcha albedo. Miyala ina ndi yakuda ngati khala ndipo imabweza magawo 4 kapena 5 okha pa 100 aliwonse. Ina ndi yotuwa ndipo imabweza magawo 25 kapena kuposa. Tikatenga mwala wa H 22, masamu amasonyeza kuti ngati ukubweza magawo 25, ndi wa mamita pafupifupi 106. Ngati ukubweza magawo 14, ndi wa mamita 140. Koma ngati ukubweza magawo 5 okha, ndi wa mamita pafupifupi 237. Kuwala n'kumodzimodzi, koma mayankho ndi atatu. Apa ndi pamene panachokera "pakati pa 40 ndi 90" uja. Akatswiri sanalephere kuwerenga, koma ananena moona mtima kuti mtundu wa khungu la mwalawo unali usanadziwike.

Njira yachiwiri: kutentha

Kuwala kwa dzuwa kumene mwala sunabweze sikusowa. Kumalowa m'mwalamo n'kuutenthetsa, ndipo pambuyo pake kumatuluka ngati kutentha. Ndi chimodzimodzi khoma la njerwa limene limakhalabe lofunda dzuwa litalowa. Kutentha kumeneku kumatuluka ngati kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kotchedwa infrared. Mwala wakuda umabweza pang'ono koma umatentha kwambiri, pamene wotuwa umabweza kwambiri koma umatentha pang'ono. Munthu akayeza zonse ziwiri, kuwala kobwezedwa ndi kutentha kotuluka, amapeza kukula ndi albedo nthawi imodzi, pakuti ndi kukula kumodzi kokha kumene kungagwirizane ndi miyeso iwiriyo.

Mpweya wathu umameza gawo lalikulu la kuwala kotereku, n'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino ndi matelesikopu a m'mlengalenga. Bungwe la NASA la ku America linatumiza telesikopu ya WISE mu Disembala 2009, ndipo pa ntchito yotchedwa NEOWISE inayeza miyala yambirimbiri mpaka ntchitoyo inatsekedwa mu 2024. Mwala wa 2024 YR4 nawonso unayezedwa m'njira yomweyi. Unapezeka pa 27 Disembala 2024 ndi telesikopu ya ATLAS ya ku Chile. Pa 18 Febuluwale 2025 kuthekera koti uwombe dziko pa 22 Disembala 2032 kunafika pa 3.1 peresenti, ndipo mzere wa malo amene ukanagwa unkadutsanso mu Africa. Patangopita masiku ochepa, atauyeza kowonjezera, chiopsezocho chinatsika n'kutheratu. Mu Malichi 2025 telesikopu ya James Webb inayeza kutentha kwake n'kupeza kuti ndi wa pakati pa mamita 53 ndi 67. Mpata wa mamita 50 uja unachepa kufika pa mamita 14.

Njira yachitatu: rada

Mukakuwa pafupi ndi phiri, mawu amabwerera. Akachedwa kubwerera ndiye kuti phirilo lili patali. Mleme umayenda mumdima pogwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Rada imatumiza mafunde a wailesi amphamvu kwambiri ku mwala, n'kumvetsera akamabwerera. Mafunde amene agunda mbali yapafupi ya mwala amayamba kufika, ndipo ogunda mbali zakumbuyo amafika mochedwerapo. Kusiyana kwa nthawiko kumasonyeza kukula. Komanso popeza mwala umazungulira, mbali imodzi imakhala ikubwera kwa ife pamene ina ikuthawa, ndipo zimenezi zimasintha pang'ono kaliridwe ka mafundewo, monga mmene kulira kwa galimoto kumasinthira ikamabwera ndi ikamapita. Akaphatikiza ziwirizi amapanga chithunzi cha mwala.

Mwala woyamba kuyezedwa ndi rada unali Icarus mu 1968. Mu 1989 Steven Ostro ndi anzake anajambula Castalia ali ku Arecibo m'dziko la Puerto Rico, n'kupeza kuti ndi mabulunga awiri ogundana. Rada ya ku Goldstone, ku California, imatha kusiyanitsa zinthu za mamita pafupifupi 4 pa mwala umene wayandikira.

Kuperewera kwa rada kuli pa mtunda. Mtunda ukawirikiza kawiri, mafunde obwerera amafooka nthawi 16. Choncho njirayi imangogwira pa miyala imene yafika pafupi. Vuto lina ndi lakuti mbale yaikulu ya ku Arecibo, ya mamita 305, inagwa pa 1 Disembala 2020, ndipo imeneyi ndi imene inali rada yamphamvu koposa zonse pa ntchitoyi.

Kuphethira kwa kuwala

Miyala yambiri si yobulungira ngati mpira. Ina ili ngati mbatata, ina ngati mtedza wa m'makoko. Tengani chinangwa, muchimange pa chingwe n'kuchizunguza patsogolo pa nyali. Chikaonetsa mbali yaitali chimawala kwambiri, chikaonetsa nsonga chimawala pang'ono. Pa kuzungulira kumodzi, kuwala kumakwera kawiri ndi kutsika kawiri. Akatswiri akawerenga nthawi ya kukwera ndi kutsikaku amadziwa liwiro la kuzungulira kwa mwala, ndipo kukula kwa kusinthako kumawauza ngati mwala ndi wautali kapena wobulungira. Eros umazungulira kamodzi pa maola 5 ndi mphindi 16, pamene 2024 YR4 umangotenga mphindi pafupifupi 20.

Pa mfundo imeneyi panatuluka chinthu chimene chinandidabwitsa. Miyala yokula kuposa mamita 200 pafupifupi yonse sizungulira mofulumira kuposa kamodzi pa maola 2.2. Chifukwa chake n'chakuti yambiri si mwala umodzi wolimba ayi, koma milu ya miyala, nsangalabwi ndi fumbi zongogwirana ndi mphamvu yofooka yokoka. Mulu wotere ukazungulira mofulumira umamwazika, monga chimanga chimamwazikira mukazunguza lichero mwamphamvu. Ndiye kuti kuphethira kwa kadontho kowala kumatiuzanso za m'kati mwa mwala.

Mtundu wa mwala ndi kulemera kwake

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu imene timaiona mu utawaleza. Mchere uliwonse wa m'mwala umameza mitundu ina n'kubweza ina. Akagawa kuwala kochokera ku mwala m'mitundu yake, amaona imene ikusowa, ndipo amadziwa zimene zili pakhungu pake. Magulu akuluakulu ndi atatu: gulu S la miyala yotuwa, gulu C la miyala yakuda yokhala ndi kaboni wambiri, ndi gulu M limene miyala yake ina ili ndi chitsulo chambiri. Kudziwa gulu kumathandizanso kuyerekeza albedo.

Kulemera ndiko kovuta koposa. Matumba awiri ofanana kukula, lina la chimanga lina la madeya, salemera mofanana. Njira imodzi ndi kuyang'ana miyala imene ili ndi kamwezi kake, ndipo miyala yotere ilipo pafupifupi 15 pa 100 iliyonse ya miyala yokulirapo. Mtunda wa kamweziko ndi nthawi imene kamatenga kuzungulira zimasonyeza kulemera kwa miyala iwiriyo. Njira ina ndi yotchedwa ndi dzina la Ivan Yarkovsky. Kutentha kotuluka m'mwala kumaukankha pang'onopang'ono, ndipo mwala wopepuka umakankhika kwambiri kuposa wolemera. Njira ya mwala wa Bennu imasuntha mamita pafupifupi 284 pa chaka chifukwa cha kukankha kumeneku. Mu 2014 Steven Chesley ndi anzake anagwiritsa ntchito nambalayi n'kuwerengera kuti Bennu umalemera nthawi 1.26 poyerekeza ndi madzi odzaza malo ofanana nawo.

Kupita komweko

Njira zonsezi ndi zoyezera patali, ndipo zimafunika mboni. Mboni zake ndi zombo zimene zinafika pa miyalayo. Chombo cha NEAR Shoemaker chinazungulira Eros kuyambira mu 2000 ndipo chinatera pa 12 Febuluwale 2001. Chinapeza kuti Eros ndi wa makilomita pafupifupi 34 m'litali. Chombo cha ku Japan cha Hayabusa chinafika pa Itokawa mu 2005 n'kubweretsa fumbi lake mu 2010. Fumbilo linatsimikiza kuti miyala ya gulu S ndi yofanana ndi miyala yamtundu umene umagwa kawirikawiri pano padziko, umene wa ku Machinga uja ulinso m'gulu lake. Hayabusa2 inabweretsa magalamu 5.4 ochokera ku Ryugu mu Disembala 2020. OSIRIS-REx inabweretsa magalamu 121.6 ochokera ku Bennu pa 24 Sepitembala 2023.

Bennu ndi chitsanzo chabwino cha mayeso amenewa. Rada inali itanena kuti ndi wa mamita pafupifupi 490, ndipo chombo chitafika mu Disembala 2018 chinapeza zomwezo. Kulemera kwake poyerekeza ndi madzi kunapezeka kuti ndi 1.19, pafupi kwambiri ndi 1.26 uja. Koma pa chinthu chimodzi akatswiri anaphonya. Miyeso ya kutentha inawachititsa kuyembekeza malo ambiri a mchenga ndi timiyala, koma anapeza matanthwe ali mbwee, moti malo otera anavuta kupeza. Ndipo pamene mkono wa chombocho unagunda pansi pa 20 Okutobala 2020, unamira pafupifupi theka la mita ngati kuti palibe choutchinga.

Kudziwa zimenezi kuli ndi ntchito yeniyeni. Pa 26 Sepitembala 2022 chombo cha DART chinawombedwa dala pa Dimorphos, kamwezi ka mamita pafupifupi 150 kozungulira mwala wa Didymos. Nthawi ya kuzungulira kwake, imene inali maola 11 ndi mphindi 55, inachepa ndi mphindi zoposa 30. Miyala ndi fumbi zimene zinathovoka zinawonjezera kukankhako. Ndiye kuti wofuna kupatutsa mwala ayenera kudziwiratu kulemera kwake ndi kulimba kwake, apo ayi sangadziwe kukula kwa nkhonya yofunika.

Chitsanzo cha Apophis

Mbiri ya mwala wa Apophis ikusonyeza mmene njira zonsezi zimathandizirana. Unapezeka mu Juni 2004 ku Kitt Peak m'chigawo cha Arizona. Mu Disembala chaka chomwecho kuthekera koti uwombe dziko mu 2029 kunafika pa 2.7 peresenti. Poyamba, potengera kuwala kokha, ankati ndi wa mamita pafupifupi 400. Kenaka miyeso ina ya khungu lake inatsitsa nambalayo kufika pa 270. Mu 2013 telesikopu ya Herschel inayeza kutentha n'kupeza 325, ndipo pambuyo pake zithunzi za rada zinapereka 340. Mu Malichi 2021 rada inayezanso njira yake, ndipo NASA inalengeza kuti suwomba dziko kwa zaka zosachepera 100. Wina anganene kuti akatswiri amangosinthasintha mawu. Ine ndikuona kuti nambala zinkasintha chifukwa umboni unkawonjezeka, ndipo mpata wa kukayika unkachepa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino ndasonyeza kuti palibe njira imodzi yokwanira payokha. Kuwala kumapereka chiyerekezo choyamba, kutentha kumachepetsa kukayika, rada imaonetsa maonekedwe, kuphethira kumaulula kuzungulira ndi za m'kati, ndipo zombo zimatsimikiza kapena kukonza zimene zinanenedwa patali. Kwa mnzanga uja ndinganene kuti telala amagwira munthu amene akumuyeza, pamene katswiri wa zakuthambo amayeza kadontho kali makilomita mamiliyoni ambiri. Akanena nambala ziwiri m'malo mwa imodzi, akutiuza zimene akudziwa pamodzi ndi malire ake.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira chiyankhulo. Lachisanu pa 13 Epulo 2029, Apophis udzadutsa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pa nthaka, pansi pa masetilaiti ena a wailesi yakanema amene amakhala pa makilomita pafupifupi 36,000. Anthu a mu Africa ndi ku Ulaya adzatha kuuona ndi maso ngati nyenyezi yoyenda, kukapanda mitambo. Sindikukayika kuti tsikulo lisanafike mphekesera za kutha kwa dziko zidzawanda, ndipo ena adzachita mantha pachabe. Ambiri mwa anthu athu adzamva nkhaniyi m'Chichewa, pa wailesi, kutchalitchi, kumzikiti kapena kumsika. Pakali pano tilibe mawu ogwirizana a asteroid, albedo kapena infrared, ndipo ine ndachita kuzungulira kuti ndiwafotokoze. Ndikupempha aphunzitsi ndi ophunzira anzanga kuti tikhale pansi ndi anzathu a sayansi n'kugwirizana mawu amenewa chaka cha 2029 chisanafike, kuti pa tsikulo tidzathe kufotokozera makolo athu kuti mwalawo ndi waukulu bwanji, udzadutsa pati, ndipo tadziwa bwanji.